Buku limeneli ukufuna uchite nalo chiyani?

Mwana wa mlongo wanga ali Fomu 2 anapita ku laibulale ya pasukulu pawo kukafuna buku lofotokoza za thupi la mtsikana. Analibe chibwenzi, analibenso pakati. Msambo wake unkabwera mosokonekera, mwezi wina kawiri, mwezi wina osaoneka n'komwe, ndipo ankaopa kufunsa mayi ake poganiza kuti amuganizira zina. Bukulo linalipo ndithu, koma silinali pashelefu. Linali m'kabati yokhoma kuseri kwa tebulo la mayi woyang'anira laibulaleyo, limodzi ndi mabuku ena angapo amene ankati ndi a akuluakulu. Mayiwo anamuyang'ana mwanayo kuchokera kumutu mpaka kumapazi, kenako n'kumufunsa kuti: "Iwe, buku limeneli ukufuna uchite nalo chiyani?" Mwana anasowa choyankha, anangotuluka. Pofika Lachisanu nkhani inali itafika kwa mphunzitsi woyang'anira atsikana ogonera pasukulupo, ndipo Lolemba lotsatira mlongo wanga anaitanidwa kuti akamve za khalidwe la mwana wake. Ine monga malume, mwini mbumba, ndinamuperekeza.

Papita zaka, mwanayo anakula, koma funso lija silinandichoke m'mutu. Ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti funso limeneli liyenera kuchoka m'malaibulale athu, ndiponso m'maofesi onse amene amasunga zolembedwa m'malo mwa ife eni dziko. Munthu akapempha buku lomwe lilipo, apatsidwe. Akalitenga, wina aliyense asamve kuchokera kwa woyang'anira laibulale kuti uje akuwerenga zakutizakuti. Mayi aja analakwira mwana wathu pawiri ponsepa, ndipo kulakwa kwachiwiriko, kopita kukanena, n'kumene kunamupweteka kwambiri.

Chodabwitsa n'chakuti ife ndife mtundu umene umalemekeza kufunsa. Makolo athu anati safunsa anadya phula. Anatinso wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, kusonyeza kuti mwini vuto ndiye adziwa kuwawa kwake, ndipo sitimuimitsa pakhomo kuti ayambe wafotokoza. Tsono chizolowezi chofunsa wofunsayo, chomuyesa wolakwa chifukwa chofuna kudziwa, tinachitola kuti?

Chili ndi kwawo. Mu 1968 dziko lino linakhazikitsa lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act, limene linabala bungwe la Censorship Board. Bungweli linapatsidwa mphamvu zounika mabuku, magazini, mafilimu, masewero ndi nyimbo, n'kuweruza zimene Mmalawi ayenera kuona ndi zimene sayenera kuona. Pofika mu 1975 linali litaletsa mabuku oposa 840 ndi magazini oposa 100. Kupezeka ndi buku loletsedwa unali mlandu. Chaka chomwecho cha 1968 ndi chimene National Library Service inayamba ntchito, potsatira lamulo lake la 1967. Laibulale ya dziko lino ndi bungwe loletsa mabuku anabadwa ngati mapasa, anakulira nyumba imodzi, ndipo aliyense ankadziwa kuti mwa awiriwa woopedwa ndi uti. Mu 1968 momwemonso, msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress Party unagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo zilankhulo za dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC ndi m'nyuzipepala. Ife olankhula Chichewa timaiwala msanga mbali imeneyi chifukwa inatikomera, koma kwa mayi wa ku Rumphi kapena ku Mzimba amene sanapite patali ndi sukulu, chimenechi chinali chitseko chotsekedwa chachikulu kuposa mabuku 840 aja onse.

Chimene ndikufuna tichione bwino ndi momwe kuletsaku kunkagwirira ntchito pamene panalibe ngakhale kalata yoletsa. Taonani nkhani ya Jack Mapanje. Buku lake la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, linasindikizidwa ku London mu 1981. Silinalengezedwe poyera kuti ndi loletsedwa. Linangochotsedwa mwakachetechete mu 1985 m'mashopu a mabuku, m'malaibulale ndi m'masukulu. Pa 25 Sepitembala 1987 mwini wake, yemwe anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anagwidwa ku Zomba n'kukatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu. Anakhalako mpaka Meyi 1991, osauzidwa mlandu, osaonekera kukhoti. Tangoganizani muli woyang'anira laibulale m'masiku amenewo, mukuona zimenezi. Phunziro limene munkatolapo linali losavuta: kubisa buku kulibe mlandu, koma kuliika poyera kungakutengereni ku Mikuyu. Palibe amene anachotsedwapo ntchito chifukwa chokhoma kabati. Choncho aliyense ankakhoma zambiri kuposa zimene anauzidwa, kuti akhale kumbali yotetezeka. Mayina a Henry Chipembere, Kanyama Chiume ndi anzawo amene anasemphana ndi Kamuzu Banda mu 1964 sankatchulidwa, ndipo buku lililonse limene likanawatchula linali ngati khala la moto m'manja.

Anthu amenewo sindikuwaweruza. Anali ndi ana oti awadyetse, ndipo akazitape anali paliponse. Koma chizolowezi cha pantchito chimapatsirana. Wamkulu amaphunzitsa wamng'ono kuti mabuku ena sitiika panja, kuti wofunsa zachilendo timayamba tamufunsa kuti wachokera kuti, kuti kuli bwino kudziwitsa akuluakulu zinthu zisanaipe. Wamng'onoyo amadzaphunzitsanso wina. Boma lija linapita mu 1994, koma chizolowezicho chinatsala m'manja mwa anthu amene sanaonepo n'komwe mpayoniya atanyamula mfuti. Ndipo lamulo la 1968 lija silinafufutidwe, likadali m'mabuku a malamulo a dziko lino.

Amene amati Amalawi sakonda kuwerenga akumbuke zimene zinachitika pa 8 Malichi 1992. Tsiku limenelo kalata ya maepiskopi a mpingo wa Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Inasindikizidwa m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Boma linalengeza kuti ndi kalata youkira ndipo kupezeka nayo ndi mlandu, makina osindikizira a Montfort ku Balaka anatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Koma anthu anaijambula pa makina a fotokope m'maofesi, anaibisa m'zovala, anapatsirana m'mabasi ndi m'misika, ena anamangidwa chifukwa cha mapepala oterowo. Pa 14 Juni 1993 anavota pa riferendamu kuti matipate abwere. Anthu amene ankaika moyo wawo pachiswe kuti awerenge masamba ochepa olembedwa m'chilankhulo chawo si anthu odana ndi kuwerenga. Ankawerenga chifukwa zolembedwazo zinkanena za malipiro awo, za zipatala zawo, za masukulu awo ndi za mantha amene ankagona nawo.

Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 anatipatsa ufulu wa maganizo, ufulu wolankhula, ufulu wa atolankhani, ndipo gawo 37 linatipatsa ufulu wopeza zimene boma likusunga. Koma lamulo lofotokoza momwe ufulu umenewu ungagwirire ntchito linatenga nthawi yaitali modetsa nkhawa. Aphungu analivomereza mu Disembala 2016, Pulezidenti Peter Mutharika analisainira mu Febuluwale 2017, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Zaka 26 kuchokera pamene ufuluwo unalembedwa. Lamulo la Access to Information limeneli limauza nthambi za boma kuti zikhale ndi ofisala woyankha zopempha za anthu, limaika malire a masiku 15 ogwira ntchito kuti munthu ayankhidwe, ndipo limapatsa bungwe la Malawi Human Rights Commission udindo woona kuti zikutsatidwa. Ndi lamulo labwino, ndipo amene analimenyera nkhondo kwa zaka zonsezo ayenera kuthokozedwa.

Ine ndinaliyesapo. Kwathu kunamangidwa kamlatho ndi ndalama za thumba la chitukuko cha m'dera la phungu (CDF), ndipo mvula yoyamba yokha inakakokolola. Ndinapita ku ofesi ina ya boma kukapempha kuti ndione kuti panalowa ndalama zingati ndipo anapatsidwa ntchitoyo ndani. Mnyamata wa pakhomo anandilandira mwaulemu, koma mawu ake oyamba anali akuti: "Bambo, wakutumani ndani?" Nditamuuza kuti sindinatumidwe, anafunsa ngati ndine mtolankhani kapena wa chipani. Nditakananso, anati: "Ndiye mukufuna muchite nazo chiyani?" Ndinamva ngati ndabwerera m'kachipinda kaja ka kusukulu ya mwana wa mlongo wanga. Ndinauzidwa kuti abwana atuluka, ndibwere mawa, ndipo mawa limenelo ndinaliyendera kangapo mpaka ndalama ya minibasi inanditherako.

Apa ndiyenera kunena chilungamo: mnyamatayo ali ndi pobisala m'malamulo momwemo. Gawo 37 limati munthu ali ndi ufulu wopeza zimene boma likusunga ngati zikufunika kuti agwiritse ntchito maufulu ake. Kachiganizo kameneka kamatsegulira khomo funso lija, chifukwa kalaliki angathe kunena kuti akungofuna kudziwa ufulu umene mukufuna kuteteza. Ine ndikuona kuti kachiganizoka n'kolakwika ndipo kayenera kukonzedwa. Ndalama za mlathowo zinachokera m'msonkho umene ndimalipira ndikagula sopo kapena mayunitsi a foni. Munthu akafuna kuona m'nkhokwe mwake safotokozera mlonda chifukwa chake.

Ndikudziwa kuti ambiri amene akuwerenga afika pano ali ndi mafunso, ndipo ena mwa mafunsowo ndi olemera. Loyamba ndi la ana. Kholo lililonse lidzati: kodi ukutanthauza kuti mwana wa Sitandade 4 apatsidwe chilichonse chimene waloza? Ayi. Laibulale ya ana imasankha mabuku molingana ndi msinkhu, monga momwe mayi amasankhira chakudya cha khanda, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Kusankhako kuchitike poyera, pogula ndi poika mabuku, ndi anthu odziwa za maphunziro pamodzi ndi makolo. Koma buku likavomerezedwa kuti ndi loyenera ophunzira a sekondale, likhale pashelefu pomwe mwana angalitenge popanda kuima pamaso pa munthu wamkulu n'kuulula za m'thupi mwake. Buku lija la m'kabati silinali lolaula. Linali la zaumoyo, lolembedwera achinyamata, ndipo zambiri za m'menemo zimaphunzitsidwa kale m'kalasi pa phunziro la Life Skills ndi la Biology. Kulikhomera kunangosiyanitsa ana olimba mtima ndi amanyazi, ndipo amanyaziwo ndi amene ankalifuna kwambiri.

Funso lachiwiri ndi limene ndalilingalira nthawi yaitali, chifukwa likukhudza chikhalidwe chathu. Wina anandiuzapo kuti: "Achimwene, inu mukukamba zachizungu. Kwathu kuno si zonse zimene zimauzidwa aliyense. Za kudambwe sauza wosameta, za kutsimba zili ndi anamkungwi ake." Munthuyu sananame. Tili ndi zinsinsi, ndipo ine ndimazilemekeza. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005, ndipo alendo ndi ophunzira akhala akulemba ndi kujambula zambiri za iye, zina mwina zimene eni ake sakanalola kuti zituluke. Woyang'anira laibulale kapena nyumba yosungira zakale amene ali ndi zolembedwa zoterozo ayenera kukhala pansi ndi mafumu ndi eni dambwe n'kumvana za momwe zingaonetsedwere. Pamenepo sindikutsutsa.

Koma taonani chimene chikuchititsa kuti tilemekeze chinsinsi cha kudambwe: chili ndi eni ake, ndipo eni akewo ndi amene akuchisunga. Tikatsata mfundo yomweyo, mafunso enawo amamasuka okha. Ndalama za mlatho eni ake ndani? Ndife, ndipo kalaliki akungotisungira, choncho alibe mphamvu yotibisira. Nkhawa ya mtsikana pa thupi lake mwini wake ndani? Ndi mtsikanayo, choncho woyang'anira laibulale alibe mphamvu yoinyamula kupita nayo ku ofesi ya aphunzitsi. Chikhalidwe chathu chenicheni chimadziwa bwino kusunga za mnzako. Namkungwi weniweni akamva za namwali sakazilengeza pachitsime. Sing'anga amene amaulula matenda a odwala ake sakhalitsa pamudzi. Chimene mayi aja anachita sichinali chikhalidwe cha makolo. Anabisa chimene chinali cha ana onse, n'kuulula chimene chinali cha mwana mmodzi.

Funso lachitatu ndi la mabuku abodza ndi oopsa. Alipo mabuku ndi timapepala tolonjeza machiritso a matenda osachiritsika, tonyoza mitundu ina kapena zipembedzo zina, tofalitsa mabodza a mbiri. Kodi laibulale izisunga zimenezi? Ndalama zogulira mabuku n'zochepa, ndipo palibe chifukwa choziwonongera zinyalala. Koma ndikaona mbiri ya dziko lino, chimene chatipha kwambiri ndi kukhala chete kusiyana ndi kuwerenga zolakwika. Njira zakulera zinaletsedwa m'zaka za m'ma 1960, ndipo zinaloledwanso mu 1982 pansi pa dzina lakuti kulera motalikitsa ana. Wodwala Edzi woyamba anapezeka mu 1985, koma kwa zaka zambiri nkhaniyi inkangonong'onedwa. Tinkati kaliwondewonde, tinkati magawagawa, tinkati matenda a boma, ndipo pamaliro tinkati wadwala nthawi yaitali. Mu 1995 anthu miyandamiyanda anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Goodson Chisupe. Anthu amenewo sanapusitsidwe ndi laibulale. Anapita kumeneko chifukwa anali ndi mantha, analibe mankhwala, ndiponso analibe poti n'kupeza choonadi mosachita manyazi. Zinatengera mpaka 2004 kuti mtsogoleri wa dziko, Bakili Muluzi, anene poyera kuti mchimwene wake anamwalira ndi Edzi, ndipo chaka chomwecho ndi pamene ma ARV aulere anayamba kufalikira m'zipatala za boma. Ndani mwa ife amene sanaike m'manda m'bale wake pa zaka 19 zimenezo? Mankhwala a buku labodza ndi buku loona loikidwa pambali pake, ndi munthu wodziwa ntchito amene angauze wowerenga kuti, "Mukamaliza ilo muonenso ili." Pamenepo woyang'anira laibulale akuthandiza. Akabisa, wowerenga amakapeza bodzalo pa WhatsApp, kumene kulibe woti amuuze kuti aonenso lina.

Nkhani ya chinsinsi cha wowerenga tikuitenga mopepuka kwambiri. Lowani m'malaibulale ambiri a m'masukulu ndi a m'madera, mudzapeza kaundula wamkulu ali gada patebulo. M'menemo muli dzina, kalasi kapena mudzi, tsiku, ndi mutu wa buku. Aliyense wobwera kudzasaina amaona amene anabwereka buku la HIV, amene anatenga la malamulo a chisudzulo, amene akuwerenga za chipembedzo chosiyana ndi cha kwawo. M'mabuku ena muli timakhadi kumapeto tokhala ndi mayina a onse amene analibwerekapo. Pamudzi pomwe aliyense amadziwa mnzake, zimenezi n'zokwanira kuti mayi womenyedwa ndi mwamuna wake asayerekeze kutenga kabuku konena za nkhanza za m'banja. Kukonza kwake sikufuna ndalama za maiko akunja. Wowerenga apatsidwe nambala, kaundula asungidwe m'dirowa, ndipo buku likabwezedwa dzina lifufutidwe.

Pa makompyuta ndi mafoni nkhaniyi yakula. Kompyuta ya mu laibulale imasunga masamba onse amene wowerenga anatsegula pa intaneti, ndipo wobwera pambuyo angathe kuwaona. Mu Epulo 2022 apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe, anamulanda foni ndi kompyuta, n'kumuumiriza kuti atchule amene anamupatsa chikalata chimene analembapo nkhani. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 lagwiritsidwapo ntchito kumanga anthu chifukwa cha zimene analemba pa Facebook ndi pa WhatsApp. N'zoona kuti mu 2022 aphungu anachotsa mlandu wa mawu oukira boma m'malamulo, ndipo tsopano tili ndi lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makina. Koma tsiku limene wapolisi adzafike pa laibulale n'kunena kuti, "Tipatseni kaundula, tione amene anakhala pa kompyuta iyi dzulo," woyang'anira adzayankha chiyani? Yankho loyenera ndi lakuti abwere ndi chikalata cha khoti. Ndikukayika ngati ambiri anauzidwapo kuti ali ndi mphamvu yoyankha choncho. Mzuzu University imaphunzitsa akatswiri a ntchito imeneyi, ndipo kuli bungwe la Malawi Library Association, koma malaibulale ambiri a m'masukulu amayang'aniridwa ndi mphunzitsi amene anangopatsidwa makiyi, kapena kalaliki amene sanaphunzirepo za udindo umenewu.

Pali loko wina amene sindingamudumphe, ngakhale ndimutchule mwachidule: umphawi. Ufulu wowerenga ulibe tanthauzo kwa mwana amene laibulale yapafupi ili pa mtunda wa tsiku lathunthu, kapena amene akafika amapeza mabuku a Chingerezi okhaokha, otumizidwa kuchokera kunja, onena za nyengo ndi malamulo a maiko ena. Ulibe tanthauzo kwa wosaona ngati palibe mabuku a zilembo za Braille, ndiponso kwa amene bandulo ya intaneti ikulimbana ndi ndalama ya ndiwo. Pa 18 Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa ndi mabuku pafupifupi 45,000, ndipo dziko lonse linamva chisoni. Koma mabuku amene akudyedwa ndi chiswe m'makatoni osatsegulidwa, m'zipinda zokhoma za m'masukulu, chifukwa mphunzitsi wamkulu akuopa kuti ana awang'amba kapena kuwaba, palibe amene amawalira.

Ngakhale pa mabuku ochokera kunjawo, ndimadzigwira ndisananene kuti ndi opanda ntchito. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, anasiya sukulu ya sekondale chifukwa cha kusowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulaimale ya kwawo, komwe anapeza buku la sayansi la ku America lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto. Chingerezi chake chinali chochepa, ankadalira zithunzi. Ali ndi zaka 14 anamanga makina opanga magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa, njinga yakale ndi mitengo ya bulugamu. Anthu amakonda kusimba za luso la mnyamatayu, ndipo n'zoona anali ndi luso. Ine chimene chimandigwira mtima ndi chakuti analoledwa kulowa ndi kubwereka. Sanali wophunzira wa pasukulupo, analibe yunifolomu, ndipo anthu a m'mudzi ankamuyesa wamisala. Akanafunsidwa kuti buku limeneli ukufuna uchite nalo chiyani, n'kuyankha zoona kuti akufuna kukola magetsi mumphepo, ndi angati mwa ife akanamupatsa? Palibe woyang'anira laibulale, ngakhale wanzeru chotani, amene angadziwiretu chimene buku lidzachite m'mutu mwa munthu wina.

Tsiku lija kusukulu, titamaliza kukambirana ndi aphunzitsi ndipo zitadziwika kuti mwana analibe mlandu, ndinapempha kuti ndilankhule ndi mayi aja paokha. Ndinawapeza akupukuta fumbi m'mashelefu. Anali mayi aulemu, a msinkhu wa mlongo wanga, ndipo ndinaona kuti nkhaniyi inawavutanso. Ndinati: "Mayi, mwanayu anabwera kwa inu chifukwa anaona kuti kuno n'kumene sangasekedwe. Munapitiranji kukamunenera?" Anakhala kaye chete, kenako anati: "Bambo, mundimvetse. Mwanayu akanapezeka ndi pakati mawa, n'kumveka kuti ine ndinamupatsa buku limenelija ndipo sindinanene, makolo akanabwera kwa yani? Ahedi akanaloza yani? Ine ndilibe pepala lililonse londiteteza."

Mawu amenewo anandichotsa ukali umene ndinabwera nawo. Mayiwo ankanena zoona. Anasiyidwa okha ndi makiyi, pakati pa ana, makolo, komiti ya sukulu ndi mpingo, popanda mzere ngakhale umodzi wolembedwa wowauza kuti kupereka buku lovomerezeka si mlandu ndipo kusunga chinsinsi cha mwana ndi udindo wawo. Anachita chimene anthu a ntchito yawo anaphunzira kuchita kuyambira 1968, kudziteteza pokhoma ndi pokanena. Choncho pempho langa likupita ku Unduna wa Zamaphunziro, ku National Library Service ndi ku Malawi Library Association: lembani pepala limenelo. Likhale lalifupi, la m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zilankhulo zina, losainidwa ndi akuluakulu, lokhomedwa pakhoma la laibulale iliyonse pomwe mwana ndi kholo angaliwerenge. Linene kuti wowerenga safunsidwa chifukwa, kuti zimene wabwereka siziululidwa popanda chilolezo cha khoti, ndipo kuti ngati woyang'anira waona zizindikiro zoti mwana ali pangozi yeniyeni, monga kugwiriridwa, pali njira yake yomuthandizira imene imayamba ndi kulankhula ndi mwanayo mwachifundo. Linenenso kuti kholo lodandaula ndi buku lilembe dandaulo lake, liunikidwe ndi komiti, ndipo bukulo likhalebe pashelefu mpaka chigamulo chituluke. Aphungu nawonso atenge lamulo la 1968 lija aliunike pamaso pa Malamulo aakulu a 1994, chifukwa awiriwa sangapitirire kugona nyumba imodzi.

Mwana wa mlongo wanga tinapita naye kuchipatala sabata yomweyo. Namwino anamufotokozera kuti zimene zinkamuchitikirazo zimachitikira atsikana ambiri m'zaka zoyambirira, ndipo nkhawa yake inatha pa mphindi zochepa. Zomwezo zinali m'buku lija. Anakhala pasukulupo zaka zina ziwiri mpaka kulemba mayeso a Fomu 4, ndipo pa zaka ziwirizo sanapondemonso mu laibulale. Ankawerengera pansi pa mtengo kuseri kwa hositelo, ndi manotsi obwereka kwa anzake.